Mmene mungayendetsere mkangano wa kontrakiti ya bizinesi kudzera mu arbitration

Tiyerekeze kuti muli ndi kampani ku Kanengo ndipo munagwirizana ndi wogula wa ku Johannesburg kuti mumutumizire matani 300 a soya. Katundu anapita, theka la ndalama linabwera, koma theka linalo akukana kupereka ati chifukwa soya anafika wonyowa. Mafoni mwaimba mpaka kutopa. Mwapita kwa loya mtima uli m'mwamba kuti mawa lomwe samani ituluke, koma iye watsegula tsamba lakumapeto kwa kontrakiti n'kukulozerani kandime komwe simunakawerenge tsiku losainirana, konena kuti mkangano uliwonse udzathetsedwa kudzera mu arbitration.

Arbitration ndi njira yomwe anthu okangana amasankha okha munthu mmodzi kapena atatu oti awaweruze kunja kwa khothi. Musaisokoneze ndi mediation. Mkhalapakati wa mediation amangokuthandizani kuti mumvane, ndipo mukakana palibe chomwe angakuchiteni. Woweruza wa arbitration amagamula, chigamulo chake chimakumangani ngati cha jaji, ndipo kawirikawiri apilo kulibe. N'chifukwa chake zolakwika za masabata oyambirira zimapweteka kwambiri kuno kusiyana ndi kukhothi: palibe bwalo lapamwamba lodzakukonzerani.

Gawo 1: Werengani kandime kaja mawu ndi mawu

Arbitration imayima pa mgwirizano wolembedwa. Ngati munangogwirana chanza, kapena kontrakiti yanu siitchula n'komwe, simungamukokere mnzanu kumeneko pokhapokha avomere mwa kulemba mkangano utabuka kale. Ngati ndimeyo ilipo, fufuzanimo zinthu izi.

Choyamba, ikukuta mikangano yotani. Mawu onena za mkangano uliwonse wochokera mu kontrakitiyi kapena wokhudzana nayo ndi otakasuka, amakokera mkati pafupifupi chilichonse. Koma ndime ina imangonena za mikangano ya ubwino wa katundu, ndiye nkhani ya kuchedwa kulipira imatsala panja.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, ndi dziko lomwe latchulidwa ngati kwawo kwa mlandu, chomwe maloya amati seat. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi malo ongokumanirana basi. Ayi. Seat ndiyo imanena kuti ndi lamulo la dziko liti lomwe liyang'anire kayendetsedwe ka mlandu, ndiponso ndi makhothi a dziko liti omwe angafafanize chigamulo. Mutha kumvera mboni mu hotela ku Mangochi kapena pa Zoom, koma ngati seat ndi Johannesburg, dandaulo lililonse lotsutsa chigamulo lipita ku makhothi a ku South Africa.

Chachitatu, malamulo oyendetsera mlandu. Kodi ndi a bungwe, monga AFSA ya ku Johannesburg, ICC ya ku Paris, LCIA ya ku London, kapena Malawi International Arbitration Centre yomwe inakhazikitsidwa ndi Malawi Law Society pamodzi ndi MCCCI, bungwe loimira amalonda ndi mafakitale m'dziko muno? Kapena palibe bungwe, mudzayendetsa nokha? Onaninso chiwerengero cha oweruza, chilankhulo cha mlandu, ndi lamulo lomwe likulamulira kontrakiti yeniyeniyo.

Pa mfundo yomalizayi pali kamsampha. Lamulo la kontrakiti ndi lamulo la ndime ya arbitration zitha kukhala zosiyana. Ku Britain nkhaniyi inafika mpaka ku Supreme Court mu 2020 pa mlandu wa Enka ndi Chubb, ndipo mu 2025 anachita kusintha lamulo lawo kuti ngati simunatchule, ndimeyo izitsata lamulo la seat. Makampani akuluakulu anataya ndalama zankhaninkhani kukanganirana chiganizo chimodzi chomwe chikanalembedwa pa tsiku losainirana.

Mnzanuyo akanena kuti kontrakiti yonse inatha kapena ndi yosavomerezeka kotero arbitration yafera limodzi, musatekeseke. Lamulo limaiona ndimeyi ngati mgwirizano woima pawokha. Kontrakiti ikatha, ndime yonena za kothetsera mkangano imatsala yamoyo, chifukwa ntchito yake imayamba pomwe zinthu zasokonekera.

Gawo 2: Dziwani lamulo lomwe mukuyendera

Kuno kwathu kuli malamulo awiri. Lakale ndi Arbitration Act ya 1967, Chapter 6:03 m'mabuku a malamulo a Malawi, lomwe linatengera lamulo la ku England la 1950. Limeneli ndi lomwe mukumane nalo ngati nonse awiri ndinu a m'dziko muno, mwachitsanzo kontrakitala wa ku Mzuzu ndi mwini nyumba wa ku Lilongwe. Limapatsa High Court mpata waukulu wolowerera. Latsopano ndi International Arbitration Act, lotsata UNCITRAL Model Law, chitsanzo cha lamulo chomwe bungwe la United Nations linakonza mu 1985 n'kuchikonzanso mu 2006. Ili ndi la mikangano yodutsa malire, ngati wa soya uja, ndipo limachepetsa kwambiri dzanja la khothi. South Africa nayo inatengera chitsanzo chomwechi mu 2017.

Sinkhani iliyonse ingapite ku arbitration. Mlandu waupandu ndi wa boma. Ngati wina anaba kapena kupeka zikalata, woweruza angagamule za ndalama zomwe munataya, koma sangatsekere munthu m'ndende.

Gawo 3: Werengani masiku

Kumudzi timati mlandu suwola. Pa nkhani za kontrakiti umawola ndithu. Limitation Act ya Malawi imapereka zaka 6 kuchokera tsiku lomwe mgwirizano unaswedwa. Ngati kontrakiti yanu ikutsata lamulo la South Africa, ngongole wamba imafa pakatha zaka 3 zokha. Wogula wochenjera amadziwa zimenezi, ndiye amakunyengererani ndi malonjezo, mwezi wamawa, mwezi wamawa, masiku akutha.

Kontrakiti yomweyo ikhozanso kuika masiku ake ochepa kwambiri. A ntchito zomangamanga amadziwa bwino za makontrakiti a FIDIC (bungwe la mainjiniya la padziko lonse), momwe kontrakitala ayenera kupereka chidziwitso cha dandaulo lake pasanathe masiku 28 kuchokera pomwe anadziwa za vutolo, apo ayi dandaulo lagwa ngakhale likhale loona chotani.

Kenako onani ngati pali makwerero oyenera kuyamba mwakwera. Ndime zambiri zimati akuluakulu a makampani awiriwo ayambe akumana kwa masiku akutiakuti, zikakanika mupite ku mediation, ndipo arbitration ibwere pomaliza. Musadumphe. Mukadumpha, mwamupatsa mnzanu chida choti anene kuti mlandu wayamba nthawi isanakwane, ndipo mudzawononga miyezi kukangana za khomo lolowera m'malo mwa soya. Lembani kalata yoitanitsa kukambirana, sungani umboni woti anailandira, lembani tsiku lomwe munakumana kapena lomwe iye anakana kubwera. Ngati zaka zija zatsala pang'ono kutha, uzani loya wanu ayambitse arbitration kuti nthawi iime, kukambiranako kuzichitika mlandu uli kale m'kaundula.

Gawo 4: Akathamangira kukhothi, musayankhe nkhani

Apa ndi pomwe ambiri amagwa, chifukwa munthu ukalandira samani magazi amathamanga, umafuna kuyankha bodza lililonse lomwe lalembedwamo. Dekhani. Gawo 6 la lamulo la 1967 limalola kupempha khothi kuti liimitse mlandu n'kuutumiza ku arbitration, koma pempholi liyenera kuperekedwa musanapereke chikalata chodzitetezera kapena kuchita china chilichonse chosonyeza kuti mwavomera kuti nkhani ikambidwe kukhothiko. Mukangopereka chikalata choyankha mfundo za mlandu, mwayi wapita. Ngakhale zinthu zooneka zazing'ono, monga kupempha kuti mbali inayo ikupatseni zikalata zake, zikhoza kuwerengedwa ngati kuvomera.

Pansi pa Model Law mfundo ndi yomweyo: pemphani musanapereke mawu anu oyamba okhudza mutu wa mkangano. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko jaji alibe ufulu wambiri wokana. Ayenera kukutumizani ku arbitration pokhapokha ndimeyo ikhale yopanda mphamvu kapena yosatheka kuitsata. Pansi pa lamulo lakale jaji amayeza yekha, ndipo inu muyenera kuonetsa kuti munali okonzeka, ndipo mukadali okonzeka, kuchita zonse kuti arbitration iyende.

Izi sizikutanthauza kuti khothi mulitalikire kotheratu. Ngati mnzanuyo akugulitsa magalimoto ake mobisa kapena katundu wokanganiranayo akuwonongeka m'nyumba yosungiramo, mutha kukatenga chiletso ku Commercial Division ya High Court, ku Blantyre kapena ku Lilongwe, popanda kutaya ufulu wanu wa arbitration. Ingolembani momveka m'pempho lanulo kuti mutu wa nkhani ukupita kwa woweruza wapadera.

Gawo 5: Tumizani chidziwitso choyambitsa mlandu

Kalata imeneyi ikhale ndi mayina enieni a makampani monga analembetsedwera ku ofesi ya boma yolembetsa makampani, osati dzina lolembedwa pachikwangwani cha shopu. Itchule kontrakiti ndi tsiku lake, ndime ya arbitration, mkangano mwachidule, ndalama zomwe mukufuna, ndi dzina la woweruza yemwe mukumuganizira. Itumizeni pa adiresi ndi m'njira yomwe kontrakiti inatchula. Ngati inati kalata ipite pamanja kapena pa kampani yonyamula makalata, WhatsApp yokha siikwanira. Model Law imati mlandu umayamba tsiku lomwe woyankha walandira pempho, choncho umboni woti analandira ndi wamtengo wapatali. Ngati mukudzera ku bungwe, tsatani malamulo ake ndipo lipirani ndalama yolembetsera.

Gawo 6: Sankhani woweruza ngati mukusankha nkhoswe

Ndime ikapanda kutchula chiwerengero, lamulo la 1967 limati woweruza ndi mmodzi, pomwe Model Law imati atatu. Atatu ndi okwera mtengo katatu ndipo kupeza tsiku loti onse ali ndi mpata ndi ntchito payokha. Ine ndimaona kuti pa mkangano wa ndalama zosafika patali, mmodzi wodziwa ntchito amakwanira.

Woweruza sikuti achite kukhala loya. Pa mkangano wa kuyeza ntchito yomanga, quantity surveyor (katswiri woyeza ntchito yomanga ndi mtengo wake) kapena injiniya wokhwima akhoza kuona msanga zomwe loya angatenge sabata kuti amvetse. Koma pomwe mkangano wagona pa tanthauzo la mawu a mu kontrakiti, pezani loya wazaka kapena jaji wopuma.

Vuto lathu ndi kuchepa. M'dziko muno anthu a ntchito imodzi amadziwana, anaphunzira limodzi, amapemphera limodzi, ena anakwatirana pachibale. Kudziwana pakokha si mlandu, koma woweruza ayenera kuulula chilichonse chomwe chingapangitse munthu wanzeru kukayika ngati sakondera: kuti anagwirapo ntchito ya kampani inayo, ali ndi masheya kumeneko, kapena loya wa mbali inayo wamusankhapo kambirimbiri. Mufunseni alembe zimenezi asanayambe. Mukamva kanthu kokayikitsa, dandaulani pompo. Model Law imapereka masiku 15 kuchokera pomwe mwadziwa. Kusunga nkhaniyo m'thumba kuti mudzaitulutse mukaluza sikuthandiza, khothi lidzati munavomera.

Ndipo yemwe mwamusankha inuyo si wanu. Simungamuimbire foni usiku kumufunsa mmene zikuyendera. Kalata iliyonse yopita kwa iye, mbali inayo ilandire kope.

Mnzanu akamazemba kusankha, mlandu suima. Pansi pa lamulo la 1967 mumamupatsa chidziwitso cha masiku 7 athunthu, akapanda kuchitapo kanthu mumapempha High Court kuti isankhe. Model Law imapereka masiku 30. Ngati pali bungwe, ilo limasankha.

Gawo 7: Khalani pansi ndi kakyuleta

Kukhothi jaji simumulipira. Ku arbitration mumalipira woweruza, bungwe ngati lilipo, chipinda chokumaniramo, wolemba zokambidwa, akatswiri ochitira umboni, kuwonjezera pa loya wanu. Ndalama yoyambira imagawidwa pakati, koma woyankha akakana kupereka gawo lake, nthawi zambiri wodandaula amayenera kulipira yonse kuti mlandu upitirire, n'kudzaitenga pa chigamulo. Mabungwe akunja amalipiritsa m'ndalama zakunja, ndipo aliyense wochita bizinesi kuno akudziwa mmene dola imavutira kuipeza kubanki. Gwirizanani za malipiro a woweruza mwa kulemba asanagwire fayilo.

Ganiziraninso za mtundu wa ndalama yomwe mukupempha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ngongole ya K100 miliyoni yomwe inali pafupifupi madola 85,000 inasanduka madola osakwana 59,000 usiku umodzi. Ngati kontrakiti inali ya madola, pemphani chigamulo cha madola. Ngati inali ya makwacha, pemphani chiwongoladzanja momveka, mutchule mlingo wake ndi tsiku loyambira kuwerenga. Woweruza sangakupatseni chomwe simunapemphe.

Gawo 8: Konzani umboni, kenako kaonekereni

Msonkhano woyamba ndi woweruza ndi wokonza ndondomeko: masiku operekera zikalata, mboni zingati, kumva nkhani pamaso kapena pa zikalata zokha. Tulukanipo ndi kalendala yolembedwa.

Milandu ya bizinesi imapambanidwa ndi mapepala. Pa nkhani ya soya ija, funso ndi lakuti ananyowa liti ndipo panthawiyo anali m'manja mwa yani. Yankho lili mu satifiketi yoyeza chinyezi pa tsiku lopakira, delivery note yosainidwa ndi dalaivala, zikalata za pa chipata cha Mwanza kapena Dedza, ndi mawu a Incoterms omwe munalemba, zilembo zitatu za malonda odutsa malire zonena pomwe chiopsezo cha katundu chimachoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula. Ngati munagulitsa pa FCA Lilongwe, chiopsezo chinasamukira kwa wogula pomwe munapereka katundu kwa wonyamula. Ngati munalemba DAP Johannesburg, mvula ya panjira inali yanu. Zilembo zitatu zokhazo zikhoza kugamula mlandu wonse.

Mauthenga a WhatsApp ndi maimelo asungeni athunthu, ndi masiku ake, osati zithunzi zodulidwa. Musafufute kanthu, ngakhale uthenga womwe ukukuipitsani, chifukwa mbali inayo ili ndi kope lake ndipo kufufutako kudzaoneka koipa kuposa uthengawo. Mboni zikhale anthu omwe anaona ndi maso, monga kapitawo yemwe analipo popakira, osati bwana yemwe anangomva. Ngati mboni imamasuka m'Chichewa kapena m'Chitumbuka pomwe mlandu ndi wa Chingerezi, pemphani womasulira nthawi ikadalipo. Munthu wonena zoona amaoneka ngati wabodza akamafunafuna mawu m'chilankhulo chachilendo.

Ngati mukuona kuti woweruza alibe mphamvu pa nkhaniyi, kapena wadumpha ndondomeko, nenani nthawi yomweyo ndipo zilembedwe. Kunyanyala osapita sikuimitsa kanthu, mlandu umatha kupitirira inu kulibe.

Gawo 9: Chigamulo chikatuluka

Chiwerengeni tsiku lomwelo. Zolakwika za masamu kapena kalembedwe zimakonzedwa, Model Law imapereka masiku 30 opemphera zimenezi.

Ngati mwaluza, funso loti woweruza analakwitsa poyeza umboni silikutengerani kutali. Pansi pa Model Law khothi lingafafanize chigamulo pa zifukwa zochepa zokha: mgwirizano wa arbitration unali wosavomerezeka, simunadziwitsidwe kapena simunapatsidwe mpata wofotokoza mbali yanu, woweruza anagamula zomwe sanapatsidwe, oweruza anasankhidwa mosemphana ndi mgwirizano, nkhaniyo siyololedwa kupita ku arbitration, kapena chigamulo chikutsutsana ndi mfundo zikuluzikulu za chilungamo m'dzikomo. Muli ndi miyezi 3 kuchokera tsiku lomwe munachilandira. Pansi pa lamulo la 1967 khothi likhoza kubweza chigamulo kwa woweruza kuti achionenso, kapena kuchifafaniza ngati iye sanayendetse bwino mlandu. Mawu oti misconduct omwe ali m'lamulomo asakupusitseni, satanthauza ziphuphu zokha, amakutanso zinthu monga kumva mbali imodzi inayo palibe.

Gawo 10: Sandutsani pepala kukhala ndalama

Woweruza alibe ma sheriff. Woluza akakana kulipira, mumapita ku High Court kukapempha chilolezo choti chigamulocho chigwire ntchito ngati chigamulo cha khothi. Chilolezo chikaperekedwa, njira zonse zotolera ngongole zatseguka: kulanda katundu, kapena kugwira ndalama zake zomwe zili kubanki.

Ngati chuma chake chili kunja, apa ndi pomwe arbitration imaposa khothi. Malawi inalowa mu New York Convention ya 1958 m'chaka cha 2021, mochedwa poyerekeza ndi anansi athu, pakuti South Africa inalowa mu 1976, Zimbabwe mu 1994, Mozambique mu 1998 ndipo Zambia mu 2002. Mayiko oposa 170 ali m'panganoli, ndipo lililonse linalonjeza kulemekeza zigamulo za arbitration zochokera m'mayiko anzake. Ndiye chigamulo chomwe mwapata ku Lilongwe mutha kukachilembetsa ku khothi la ku Johannesburg n'kugwira katundu wa wogula soya uja komweko. Khothilo silimvanso mlandu. Lingakane pa zifukwa zochepa zofanana ndi zija za mu Gawo 9, ndipo zambiri mwa izo ndi woluzayo yemwe ayenera kuzitsimikizira. Dziwaninso kuti msewuwu ndi wopita ndi kubwera: chigamulo cha ku London kapena Johannesburg chotsutsana ndi inu chikhoza kukupezani ku Kanengo.

Zofunika kunyamula ndi chigamulo chenichenicho kapena kope lotsimikizidwa, mgwirizano wa arbitration kapena kope lake lotsimikizidwa, ndi kumasulira kovomerezeka ngati dzikolo lili ndi chilankhulo china. Kukatolera ku Beira kapena ku Tete kufuna zikalata za m'Chipwitikizi. Mudzafunanso loya wa m'dzikomo, ndipo musanamulipire, yambani mwafufuza kuti kampani yomwe yatchulidwa m'chigamulo ndi yomweyo yomwe dzina lake lili pa akaunti ya kubanki, pa magalimoto ndi pa nyumba zomwe mukufuna kugwira.